Tulo ta ku fiyeta timafuna mlonda

Gulu la WhatsApp la anthu a kumudzi kwathu lakhala likuwira kwa masabata awiri tsopano. Chinayambitsa ndi maliro a mayi wina wachitsikana amene analowa ku fiyeta kuti akachire mwana wake woyamba, koma sanadzukenso. Pamaliropo mawu anali amodzimodzi, kuyambira m'siwa mpaka kwa adzukulu kumanda: "Anangomubaya jakisoni wogonetsa, basi n'kupitiratu." Pofika Lolemba pagulupo aliyense anali atasanduka dokotala. Ena amati mankhwalawo amaperekedwa mongoyerekeza, ena amati munthu akagonetsedwa mzimu umatuluka ndipo umabwerera ngati ali ndi mwayi, ndipo wina anafika polemba kuti wa ku fiyeta ndi ulendo wa tikiti imodzi. Ndikanangowerenga n'kudutsa monga ndimachitira ndi mikangano ya mpira ndi ndale pagulupo, chikhala kuti amalume anga sanandiimbire foni. Iwo ali ndi phudzi limene lawavutitsa zaka zitatu, ndipo kuchipatala anali atawapatsa kale tsiku la opaleshoni. Anangoti, "Mphwanga, ine zogonetsedwazo ayi. Bola ndizingoyenda nalo."

Maganizo anga ndi awa, ndipo sindizungulira: kukana opaleshoni chifukwa choopa mankhwala ogonetsa ndi kulakwitsa, ndipo kawirikawiri kulakwitsa kwake kumathera kumanda komwe timaopako. Sindikunena kuti mankhwalawa alibe ngozi. Ali nazo, ndipo kuno kwathu ngozizo ndi zazikulupo kuposa kumayiko olemera. Koma ndi ngozi zodziwika, ndipo zambiri zimapeweka pakakhala munthu wophunzira bwino kumutu kwa wodwala, kachipangizo koonetsa mmene akupumira, mpweya wa okosijeni, ndi namwino womuyang'anira akatuluka ku fiyeta. Choncho mantha ndi mkwiyo umene tili nawo tiulozetse pa kusowa kwa zinthu zimenezi, chifukwa tikaulozetsa pa jakisoni, ovulala ndi anthu ngati amalume anga.

Ndisanayankhe zimene anzanga akunena, ndifotokoze kaye chimene chimachitika kuseri kwa chitseko chimene agadiyani saloledwa kudutsa, poti mbali ina ya mantha athu ndi ya chinthu chimene sitinachionepo. Timati "kugonetsa", koma ameneyu si tulo wamba. Wogona tulo ta usiku ukamutsina amadzuka. Apa munthu amakomoledwa mwadala ndiponso moyezera, ndipo ntchito zake ndi zitatu: kuti asadziwe chimene chikuchitika, kuti asamve ululu, komanso kuti minofu ifewe dokotala athe kugwira ntchito m'mimba. Poyamba amathira mankhwala m'mtsempha kudzera pa diripi, monga propofol, thiopentone kapena ketamine, ndipo pasanathe mphindi imodzi kapena ziwiri munthu amakhala atakomoka. Kenako tuloto amatipitiriza ndi mpweya wa mankhwala monga halothane kapena isoflurane. Vuto ndi lakuti ambiri mwa mankhwalawa amafooketsa kupuma ndi kutsitsa kuthamanga kwa magazi, ndipo ofewetsa minofu aja amaimitsiratu kupuma. N'chifukwa chake wogonetsayo amalowetsa kapaipi pakholingo n'kumapumira wodwalayo, mwina ndi makina, mwina pofinya thumba la labala ndi dzanja. Sachoka pamenepo. Mlingo wa mankhwala amawerengera potengera kulemera kwa munthu, msinkhu wake ndi matenda amene ali nawo, ndipo amauwonjezera kapena kuuchepetsa mphindi ndi mphindi poona mmene thupi likuyankhira. Opaleshoni ikatha amatseka mpweya wa mankhwala uja, wotsala m'thupi umatuluka munthu akamapuma, ena chiwindi ndi impso zimachotsa, ndipo munthu amatsitsimuka. Palibe mzimu umene umapita kokayenda.

Tsono mfundo yoyamba ya anzangawa ndi yakuti anthu amafadi pa mankhwalawa, ndipo imeneyi sindingaitsutse. Kugonetsa odwala kunaonetsedwa poyera koyamba pa 16 October 1846 ku Boston, pamene William Morton anagwiritsa ntchito ether wodwala akuchotsedwa chotupa cha pakhosi. Pasanathe zaka ziwiri, mu 1848, mtsikana wa zaka 15, Hannah Greener, anamwalira ku England atamununkhizitsa chloroform kuti amuchotse chikhadabo cha chala cha kuphazi. Chikhadabo chokha! Ngakhale m'zaka za m'ma 1950, kafukufuku wamkulu wa m'zipatala 10 za ku America anapeza kuti pa odwala 1,560 aliwonse, mmodzi ankafa pa zifukwa zokhudza kugonetsa. Lero m'mayiko amenewo chiwerengerochi chili pafupifupi mmodzi pa 100,000. Funso loyenera kudzifunsa ndi lakuti chinasintha n'chiyani, poti mankhwala a lero nawonso amatha kuimitsa kupuma monga akale aja. Chinasintha kwambiri ndi ulonda. Kunabwera maphunziro apadera a ogonetsa. Kunabwera kachipangizo kopana pachala, pulse oximeter, kamene Takuo Aoyagi wa ku Japan anatulukira m'zaka za m'ma 1970, kamene kamalira okosijeni akayamba kutsika m'magazi milomo isanade. Kunabweranso makina oyeza mpweya umene wodwala akutulutsa, amene amaulula nthawi yomweyo ngati kapaipi kalowa njira ya chakudya m'malo mwa njira ya mpweya. Ubongo ukasowa okosijeni kwa mphindi zochepa chabe umawonongeka, ndiye kudziwa msanga ndi kumene kumasiyanitsa wodzuka ndi wosadzuka. Amene amakumbukira imfa ya Michael Jackson mu 2009 aone bwino: anafa ndi propofol, mankhwala omwewo amene amagonetsa anthu mamiliyoni chaka chilichonse n'kudzuka bwinobwino. Kusiyana kwake ndi kwakuti iye anapatsidwa m'chipinda chogona kunyumba kwake, popanda zipangizo zokwanira, ndipo dokotala wake anachokapo. Khoti linamupeza dokotalayo wolakwa mu 2011. Ndalama zinalipo zochuluka, mlonda panalibe.

Mfundo yachiwiri ndi imene ili ndi mphamvu kuposa zonse, ndipo anaipereka ndi mphunzitsi wina wopuma pantchito amene sindimamutsutsa mwachisawawa. Iye anati ziwerengero zokomazo ndi za ku London ndi Boston, kuno ndi ku Malawi kumene magetsi amathima mpeni uli m'mimba. Akunena zoona, ndipo ndiwonjezere pa mfundo yakeyo. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2000 wochokera pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe anapeza kuti imfa zopeweka zokhudza kugonetsa zinali pafupifupi imodzi pa odwala 500. Madokotala amene anaphunzira mwapadera za kugonetsa ndi owerengeka m'dziko muno, ndipo ntchito yaikulu imagwiridwa ndi ma clinical officer, amene m'zipatala za m'maboma nthawi zina amakhala mmodzi kapena awiri, usana ndi usiku. Komabe tikayang'anitsitsa pamene anthu amafera, chithunzi chimasintha. Dokotala Paul Fenton, amene anagwira ntchito ndi kuphunzitsa ogonetsa kwa zaka zambiri pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, anatsatira pamodzi ndi anzake maopaleshoni obereketsa 8,070 m'zipatala 25 za m'dziko muno pakati pa 1998 ndi 2000. Amayi 85 anamwalira. Mwa amenewa, 65 sanafere pa tebulo la ku fiyeta ayi, anafera ku wodi opaleshoni itatha. Maopaleshoni 94 mwa 100 aliwonse anali adzidzidzi, ndipo amayi 333 anafika chiberekero chitang'ambika kale. Chimene chinkachulukitsa imfa kuposa china chilichonse chinali kutaya magazi ambiri, ndipo kuchepa kwa maphunziro a wogonetsa nakonso kunaonekera. Zaka zambiri pambuyo pake, kafukufuku wa odwala oposa 11,000 m'mayiko 25 a mu Africa, amene anafalitsidwa mu 2018, anapeza zofanana: odwala a kuno, ngakhale anali achichepere ndi amphamvu, ankafa mowirikiza kawiri poyerekeza ndi a kwina, ndipo 94 mwa imfa 100 zilizonse zinachitika tsiku la opaleshoni litadutsa kale. Kunena mwachidule, ambiri amadzuka ku tulo timene timaopato, n'kukafera pabedi pamene namwino mmodzi akuyang'anira odwala makumi angapo usiku wonse.

Pamenepa ndi pamene ndimasiyana ndi aphunzitsi aja. Iwo akuti poti ngozi ndi yaikulu kuno, bola kusapita. Koma posankha sitiyerekeza opaleshoni ya ku Malawi ndi ya ku London, chifukwa amalume anga ku London sapita. Tiyerekeze opaleshoni ya lero ndi ya mawa. Phudzi la amalume ndi thumbo limene latulukira pa malo ofooka a khoma la mimba. Lero amalume akuyenda okha, akudya, magazi ali bwino, ndipo akhoza kulowa ku fiyeta m'mawa wogonetsa atawayeza dzulo lake, iyenso atagona mokwanira. Tsiku limene thumbolo lidzapanike n'kukanika kubwerera, magazi adzasiya kufikako ndipo lidzayamba kuola pasanathe maola ambiri. Pamenepo adzayamba ndi kusanza, adzataya tsiku limodzi akumwa zitsamba, lachiwiri akusaka galimoto, ndipo adzafika kuchipatala pakati pa usiku thupi litauma, mimba itatupa, poizoni atalowa m'magazi. Adzagonetsedwabe, poti pamenepo sipadzakhalanso kusankha, koma adzagonetsedwa ali munthu amene mtima wake sungapirire ngakhale theka la mlingo wa masiku onse. Akadzapanda kudzuka, pamaliro tidzanenanso kuti unawapha ndi jakisoni, ndipo wina wa phudzi adzamva n'kubisa lakelo. Umu ndi mmene mphekesera imadzidyetsera yokha: imachedwetsa anthu, kuchedwako kumapha, ndipo imfayo imasanduka umboni wa mphekeserayo. Chimodzimodzi mayi amene wavutika ndi matenda a kubereka masiku awiri kunyumba, mwina atamwetsedwa mwanamphepo kuti zifulumire, n'kufika atataya magazi. Wogonetsa amakhala munthu womaliza kumugwira, ndiye mlandu wonse umagwera iye.

Komabe pano achipatala nawonso asadzipatule. Mphekesera imamera pamene pali chete. Banja likataya munthu ku fiyeta n'kungouzidwa kuti "zakanika, pepani", kenako n'kulozeredwa ku mochale, lidzadzipangira lokha yankho. Abale a mayi wa kwathu uja ali ndi ufulu wokhazikidwa pansi n'kufotokozeredwa m'Chichewa chomveka chimene chinachitika, kaya ndi magazi, kaya ndi kupuma, kaya ndi kulakwitsa kwa munthu. Ngati panali kulakwitsa, pali ofesi ya ombudsman wa pachipatala, amene amalandira madandaulo a odwala, palinso Medical Council of Malawi, bungwe loyang'anira ntchito za madokotala, ndipo kukadandaula kumeneko si mwano. Ine ndingakonde kuona dandaulo limodzi lolembedwa bwino kusiyana ndi mauthenga 200 a pa WhatsApp, chifukwa dandaulo limatha kuchititsa kuti chipangizo chimene chinasowa chigulidwe, pamene mauthengawo amangothamangitsa odwala.

Ena pagulupo anatenga njira yapakati. Akuti ngati n'kofunika opaleshoni, bola jakisoni wa pamsana amene amaziziritsa thupi kuyambira m'chiuno kupita kumunsi munthu ali maso. Apa tikugwirizana kwambiri. Pa opaleshoni yobereketsa, jakisoni wa pamsana nthawi zambiri ndiye wabwino, chifukwa mayi amapuma yekha ndipo amamva kulira koyamba kwa mwana wake. Kafukufuku wa a Fenton uja anapezanso kuti mwa amayi amene sanataye magazi asanalowe ku fiyeta, imfa zinali zochepa kwambiri kwa obayidwa pamsana. Phudzi nalonso kawirikawiri limatheka ndi jakisoni wa pamsana, mwinanso wongochititsa dzanzi pamalopo. Koma tisapange lamulo pamene payenera nzeru za wodziwa. Jakisoni wa pamsana amatsitsa kuthamanga kwa magazi, ndipo kwa munthu amene wataya kale magazi ambiri akhoza kukhala woopsa kuposa kugonetsa. Sangathandizenso pa opaleshoni ya chithokomiro, ya m'chifuwa kapena ya mwana wamng'ono amene sangagone phee. Nayenso amafuna mlonda yemwe uja ndi kachipangizo ka pachala komwe kaja. Chimene wodwala ayenera kuchita ndi kufunsa kuti njira zilipo zingati ndipo n'chifukwa chiyani asankha iyi. Safunsa anadya phula.

Tsopano ndifike pa mbali imene pagulu lathu palibe anaitchula, mwina chifukwa imaloza ife tomwe. Zaka zingapo zapitazo ndinali gadiyani wa mayi anga pamene ankachotsedwa zotupa za m'chiberekero. Madzulo a tsiku loti mawa opaleshoni kunabwera bambo wina wovala zobiriwira, wa mawu otsika, atanyamula faelo. Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuyamba mafunso. "Mayi, munagonetsedwapo kale? Nanga pa abale anu alipo amene anavutika atagonetsedwa? Mumamwa mankhwala anji? Tatsegulani pakamwa, tulutsani lilime. Dzino ili likugwedera, eti?" Anawagwira pakhosi, anawauza kuti aweramutse mutu, anamvetsera pachifuwa. Pomaliza anatembenukira kwa ine: "Achimwene, ikakwana 12 koloko usiku, asadye kanthu. Ngakhale atalira njala, musawamvere chisoni." M'mawa mwake ndinaona gadiyani wa pabedi loyandikana nalo akutulutsa kabakuli ka phala pansi pa chitenje n'kumamwetsa wodwala wake mobisa, uku akuyang'ana kukhomo. Nditamufunsa anandinong'oneza kuti, "Angalowe bwanji kumpeni wopanda mphamvu?" Chinali chikondi chenicheni, ndipo chikanatha kumupha. Munthu akagonetsedwa, chitseko cha pakati pa mimba ndi m'mero chimalekerera, kutsokomola kumaleka, ndipo za m'mimba zikabwerera zimatsikira m'mapapo pamodzi ndi asidi wake. Dokotala wina wa ku New York, Curtis Mendelson, anafotokoza ngozi imeneyi mu 1946 atayiona mwa amayi obereka. Ndiye gwero la lamulo lija: maola 6 osadya chakudya, maola 2 osamwa ngakhale madzi, pokhapokha achipatala atanena mwina. Ndinakauza namwino. Opaleshoni ya wodwala wa pabedi loyandikana uja inasunthidwa, ndipo gadiyaniyo sanandiyankhulenso mpaka tinatuluka.

Mafunso a bambo wa zobiriwira aja sanali ongocheza, ndipo apa ndi pamene manyazi athu amatipweteka. Munthu womwa kachasu tsiku ndi tsiku thupi lake limalandira mankhwala mosiyana ndi la wosamwa, ndipo akasiya mwadzidzidzi ali m'chipatala akhoza kuyamba kunjenjemera ndi kubwebweta. Wosuta fodya mapapo ake amavuta. Amene ali pa ma ARV, pa mankhwala a shuga, a kuthamanga kwa magazi, a khunyu kapena a mphumu ayenera kunena, chifukwa ena amafunika kumwa ngakhale m'mawa wa opaleshoni pamene ena amafunika kuimitsa. Zitsamba nazo ndi mankhwala, zinenedwe, ngakhale munthu akuopa kukalipiridwa. Palinso matenda ena osowa a kumtundu, amene amachititsa thupi kutentha modetsa nkhawa likakumana ndi mpweya wogonetsa, kapena kuchedwa kuyambiranso kupuma, ndipo chenjezo lake lokhalo nthawi zambiri ndi nkhani ya m'banja yakuti "agogo anavutika atagonetsedwa". Mwana wa chifuwa ndi chimfine amabwezedwa kunyumba chifukwa njira yake ya mpweya imatsekeka msanga, osati chifukwa achipatala akufuna kenakake. Ndikudziwa kuti pa wodi palibe chinsinsi, bedi ndi bedi zimagundana ndipo apongozi amakhala ali pomwepo. Pemphani kuti muyankhule ndi wogonetsayo panokha. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Pali mantha ena ang'onoang'ono amene ndiwadutse mofulumira. Akuti munthu amatha kudzuka mpeni uli m'kati. Zimachitika, koma mwa apo ndi apo: kafukufuku wamkulu wa ku Britain wa 2014 anapeza dandaulo limodzi pa anthu pafupifupi 19,000 ogonetsedwa. Akuti mankhwalawa amaononga nzeru. Okalamba ena amasokonezekadi mutu kwa masiku angapo, ndipo abale ayenera kuchenjezedwa kuti asathamangire kunena za ufiti, koma ambiri amabwerera mwakale. Kwa ana, kafukufuku amene anatsatira makanda ogonetsedwa kamodzi kwa nthawi yosakwana ola sanapeze kusiyana kwa nzeru atafika zaka 5. Zofala zenizeni ndi mseru ndi kusanza, kuwawa kwa pakhosi chifukwa cha kapaipi kaja, ndi kunjenjemera, ndipo zimatha pa tsiku limodzi kapena awiri. Ketamine amalotetsa maloto achilendo ndipo ena podzuka amaimba kapena kulira. Azibambo angapo anandifunsa kumbali ngati n'zoona kuti munthu amaulula zinsinsi podzuka. Zimene amayankhula wodzuka kumene nthawi zambiri sizimveka mutu wake, ndipo ngati nkhawa yanu yaikulu ndi imeneyo, vuto lanu si la ku fiyeta.

Enanso akuti zonsezi n'kusowa chikhulupiriro, munthu apite kumapemphero chotupa chidzasungunuka. Ine ndimapemphera, ndipo pa benchi ya kunja kwa fiyeta tsiku la mayi anga ndinapemphera kuposa masiku onse. Koma zipatala zambiri za m'dziko muno zinamangidwa ndi mipingo, kuyambira ku Nkhoma ndi Embangweni mpaka ku Malamulo ndi Mulanje, ndipo amene anazimanga sanaone kutsutsana pakati pa pemphero ndi mpeni. M'busa amene amauza nkhosa yake kuti iphonye tsiku la opaleshoni adzakhale wokonzeka kukayankha kwa ana amasiye.

Ngati tsono tikufuna kuti ziwerengero zathu ziyandikire za anzathu, tikudziwa pokankha, ndipo zambiri si zodula monga timaganizira. Mu 2008 bungwe la World Health Organization linatulutsa pepala la mafunso 19 oti gulu la ku fiyeta lizifunsana mokweza asanagonetse wodwala, asanacheke, ndi asanamutulutse: kodi ndi munthu yemweyo, kodi ndi mbali yomweyo, kodi kachipangizo ka pachala kakugwira ntchito, kodi magazi alipo. Ataliyesa m'zipatala 8, chimodzi mwa izo cha ku Ifakara ku Tanzania konkuno, imfa zinatsika kuchoka pa 15 kufika pa 8 mwa odwala 1,000 aliwonse. Limeneli ndi pepala chabe ndi mwambo wofunsana. Bungwe la Lifebox lakhala likugawa tizipangizo ta pachala tija m'mayiko osauka kuyambira 2011, ndipo mtengo wa kamodzi sufika n'komwe pa ndalama zimene zimathera pa msonkhano umodzi wa kunyanja. A Fenton omwe aja, potengera zimene anakumana nazo ku Blantyre, anapanga makina ogonetsera amene amagwirabe ntchito magetsi akathima ndiponso mabotolo a okosijeni akatha. Chimene chimafuna ndalama zenizeni ndi anthu: ogonetsa okwanira kuti wina azigona pamene mnzake ali pantchito, chipinda chodzukiramo chokhala ndi namwino wake, ndi anamwino a usiku okwanira kuyeza wodwala aliyense wochokera ku fiyeta pafupipafupi. Mu 2001 ku Abuja mayiko a mu Africa analonjeza kupereka 15 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya bajeti ku zaumoyo. Aphungu athu akabwera kudzagula mabokosi a maliro, tiziwafunsa za lonjezo limeneli, ndipo makomiti a zipatala azifunsa kuti jenereta ili ndi mafuta kapena ayi. Mbali ina ndi yathu: magazi amene amapulumutsa mayi wotaya magazi sachokera kufakitale, amachokera m'mikono ya anthu amene amapita ku Malawi Blood Transfusion Service kukapereka. Pa anthu oposa 100 a pagulu lathu la WhatsApp, nditafunsa amene anaperekapo magazi, anayankha atatu.

Ndinenepo kanthu za ma clinical officer ogonetsa, chifukwa pamkangano wonsewu akhala akutchulidwa ngati zigawenga. Opaleshoni ikayenda bwino timathokoza dokotala wa mpeni, nkhuku n'kupita kwa iye. Amene anatipumira kwa maola awiri sitimudziwa ndi dzina lomwe, poti tinakumana naye tili ndi mantha ndipo tinasiyana naye tili m'tulo. Tsiku la mayi anga, chitseko chitatsegulidwa, anatuluka ndi bambo wa zobiriwira uja akukankha bedi, dzanja limodzi litagwira chibwano cha mayi kuti njira ya mpweya isatsekeke, maso ali pa kachipangizo kamene kanali kulira pang'onopang'ono pachala chawo. Anandiuza kuti ndiziwayang'ana milomo ndi kapumidwe, ndipo ndikaona kuti akuliza mkonono wachilendo kapena nsalu yanyowa magazi ndithamange kukaitana namwino osadikira kuti kuche. Atatero anabwerera m'kati, poti panja panali mayi wina woyembekezera akubuula pa machira.

Lamlungu lapitali ndinapita kwa amalume. Sindinawawerengere ziwerengero, ndinangowafotokozera za thumbo lopanika ndi ulendo wa pakati pa usiku, ndipo ndinawalonjeza kuti gadiyani ndidzakhala ine. Tinagwirizana kuti tikafika tidzapempha kuonana ndi wogonetsa, tidzamufunsa ngati phudzi lawo lingatheke ndi jakisoni wa pamsana, ndipo iwo adzanena zoona za fodya wawo wa chingambwe ndi za botolo la Loweruka, azakhali atatuluka panja. Anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana nkhuku pabwalo. Kenako anafunsa za kusala kudya kuja, ndipo nditawauza za maola 6 ndi maola 2, anati, "Nanga thobwa? Si madzi amenewo?" Ndinawauza kuti thobwa ndi chakudya. Anapukusa mutu, n'kutuma mdzukulu kuti akatenge buku lawo la kuchipatala tione tsiku lija.